KUMANGA KAGALIMOTO KA JAGUAR: PHUNZIRO LA SIKELO

Anzanga, palibe mmodzi pakati pathu amene sanaonepo galimoto ya mawaya, ndipo ambiri tinaipanga ndi manja athu tiri ana. Popanga galimoto yotere tiyesa ndi maso okha. Tayala likakula pang'ono palibe wotifunsa mlandu. Koma kuli mtundu wina wa timagalimoto umene munthu samanga ndi maso okha ai, koma ndi nambala. Kagalimoto kotere kabwera m'bokosi kali zidutswazidutswa za pulasitiki, ndipo ntchito ya mwini bokosi ndiyo kulumikiza zidutswazo ndi kuzipaka utoto kufikira zitafanana ndi galimoto yeniyeni. Ine ndamanga kamodzi ka mtundu wa Jaguar E-Type, ndipo ndifuna kukufotokozerani m'mene ntchitoyi iyendera ndi chimene iphunzitsa.

Mfundo imene ndifuna kuti muigwire ndi iyi: pa bokosi langa panalembedwa 1:24, ndipo nambala imeneyi ndiyo ilamulira ntchito yonse, kuyambira pa kudula kufikira pa kupaka utoto.

GALIMOTO YENIYENI

Tisanakhudze pulasitiki tiyenera kudziwa chinthu chimene tikuchifanizira, pakuti munthu saumba mbiya imene sanaione. Jaguar E-Type ndi galimoto yaliwiro imene inkapangidwa mu mzinda wa Coventry ku England. Anthu anaiona koyamba m'mwezi wa Marichi 1961 pa chionetsero cha magalimoto ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Ofuna kuikwera kumeneko anachuluka kwabasi, kotero kuti mkulu wa kampaniyo, Sir William Lyons, anaitanitsa yachiwiri. Woyesa magalimoto awo, Norman Dewis, anaiyendetsa usiku wonse kuchokera ku Coventry, naoloka nayo nyanja pa chombo, kuti ikafike ku Geneva m'mawa mwake.

Maonekedwe ake anawakonza Malcolm Sayer, amene poyamba anagwirapo ntchito ku kampani yopanga ndege ku Bristol. Iyeyu anadziwa bwino m'mene mphepo iyendera pa chinthu chothamanga; n'chifukwa chake thupi la galimotoyi ndi losalala ngati la nsomba, la mphuno yaitali, lopanda ngodya. Anali atakonza kale thupi la Jaguar D-Type, imene inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France mu 1955, 1956 ndi 1957. Injini ya E-Type zoyamba inali ya masilinda 6 ondondozana, ya malita 3.8, ndipo eni ake ananena kuti galimotoyo ikhoza kuthamanga mamailosi 150 pa ola, ndiwo makilomita 240. Mu 1964 anaikuza injiniyo kufika malita 4.2, ndipo mu 1971 anaikamo ina ya masilinda 12. Pamene analeka kuipanga mu 1974 anali atapanga zoposa 70,000.

TANTHAUZO LA 1:24

Sikelo tinakumana nayo kale pa mapu. Nambala ya 1:24 inena kuti inchi imodzi pa kagalimoto iimira mainchi 24 pa galimoto yeniyeni. Tiyeni tiyese. Kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa tayala lakumbuyo, E-Type yoyamba ya anthu awiri inali ndi mainchi 96. Tikagawa 96 ndi 24 tipeza 4. Ndinaika rula pa kagalimoto kanga ndipo ndinapeza mainchi 4 ndendende. Utali wa galimoto yonse unali ngati mainchi 175, chotero kagalimotoko kapitirira pang'ono mainchi 7. Limu la tayala la mainchi 15 lisanduka kanthu kosakwana n'komwe inchi imodzi.

Koma taonani chodabwitsa. Galimoto siichepa mu utali mokha. Ichepanso m'lifupi ndi mu msinkhu. Tsono malo amene idzaza achepa ka 24 × 24 × 24, ndiko kunena ka 13,824. Galimoto yeniyeni inkalemera makilogalamu oposa pang'ono 1,200. Kagalimoto kakadapangidwa ndi zitsulo zomwezo, chirichonse m'malo mwake, kakadalemera ngati magalamu 90 okha, kuchepera mtanda wa sopo wosambira.

Sikelo iyenda mbali ziwiri, ndipo mbali yachiwiri ndiyo ivutitsa womanga. Chirichonse chimene ndichita pa kagalimoto, diso la woona lichikuza ka 24. Ndikasiya mpata wa milimita imodzi pakati pa chitseko ndi thupi, pa galimoto yeniyeni umenewo ndi mpata wa mamilimita 24, wolowa chala chachikulu. Dontho la guluu lalikulu ngati njere ya mapira lifanana ndi chibuluma cha matope chachikulu ngati lalanje. Kodi ndani angagule galimoto yotere? Musaiwale zimenezi pamene tikupitirira.

ZA M'BOKOSI

Potsekula bokosi mupeza zimango za pulasitiki zingapo, ndipo pa chimango chirichonse palendewera zidutswa monga nthochi pa mkoko, chirichonse ndi nambala yake. Mupezanso chimango cha magalasi, china cha zidutswa zonyezimira ngati siliva, matayala ofewa, pepala la tizithunzi tomata, ndi pepala la malangizo.

Pulasitiki yake aitcha polystyrene. Ku fakitale aisungunula pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 200, naikankha ndi mphamvu m'chikombole chachitsulo cha mbali ziwiri. Ganizani za chikombole cha njerwa, koma chotsekeka ponseponse ndi chokhala ndi timisewu m'kati. Pulasitiki yosungunuka iyenda m'timisewuto kufikira itadzaza malo onse, ndipo ikazizira timisewu tija ndito tisanduka chimango. Pamene mbali ziwiri za chikombole zikumana patsala kamzere kakang'ono pa chidutswa chirichonse. Kamzereka pa galimoto yeniyeni palibe, chotero tiyenera kukachotsa.

Ntchito yopanga zinthu zotere inakula m'zaka za m'ma 1950. Ku England kampani ya Airfix, imene Nicholas Kove anaiyambitsa mu 1939, inapanga kathirakitala ka Ferguson mu 1949, kenaka kachombo ka Golden Hind ndi kandege ka Spitfire. Kampani yomweyo inapanganso E-Type ya sikelo ya 1:32, pamene Heller ya ku France ndi Revell anapanga ya 1:24.

Choyenera kudziwa ndi chakuti m'bokosi chidutswa chirichonse chiri chowerengeka. Chiwongolero ndi chimodzi, galasi lakutsogolo ndi limodzi. Likasweka kapena likatayika m'mng'alu wa pansi, palibe lina. Chifukwa chake ndigwirira ntchito pa thireyi kapena m'chivundikiro cha bokosi lomwelo, ndipo sindidula chidutswa pa chimango nthawi yake isanakwane.

ZIPANGIZO NDI KUKONZEKERA

Zipangizo sizichuluka: kampeni kakuthwa, chowengera zikhadabo, sandipepa wosalala, kachopanira kotolera tinthu tating'ono, timitengo totokosera m'mano, maburashi awiri kapena atatu ofewa, zopanira zovala, timphira tomangira, guluu ndi utoto.

Choyamba ndiwerenga pepala la malangizo lonse kufikira kumapeto, ndisanadule kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pano wofunsidwa ndi pepalalo. Limeneli lionetsa chimene chiyenera kulowa choyamba, pakuti pali zidutswa zina zimene sizilowanso thupi likatsekedwa.

Chachiwiri nditsuka zimango zonse m'beseni la madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo, ndi kuziyanika pa mthunzi. Kutsukaku kuchotsa mafuta otsalira a ku fakitale ndi a m'manja, amene akaniza utoto kugwira. Madzi otentha ndi dzuwa la masana zipinda pulasitiki yopyapyala, ndipo thupi lopindika silikhalanso bwino pa matayala ake.

Chachitatu ndi kudula. Chidutswa sachithyola ndi zala monga tithyolera chimanga, chifukwa kutero kusiya bala. Ndidula patali pang'ono ndi chidutswa, kenaka ndisema kotsalako pang'onopang'ono, mpeni ukuloza kutali ndi zala zanga. Kamzere ka chikombole ndikapala ndi msana wa mpeni, ndi kusalaza ndi sandipepa.

Chachinayi ndi kuyesa popanda guluu. Zidutswa ziwiri zirizonse ndiziphatikiza kaye zouma, ndi kuyang'ana ngati kuwala kupyola pakati. Kukapyola ndipalanso kufikira zitagwirana. Apa ndi pamene mpata wa mamilimita 24 uja uthera.

GULUU AMENE SALI GULUU

Guluu wa polystyrene asiyana ndi amene timatira mapepala. Iyeyu samata ai, asungunula. Akakhudza pulasitiki aifewetsa pamwamba, ndipo zidutswa ziwiri zofewa zikakanikizana zisakanikirana. Mankhwalawo akauluka, ziwirizo zasanduka chinthu chimodzi, monga zitsulo zowotcherera. Pa chifukwa ichi pali malamulo anayi.

Loyamba: achepe. Nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano inyamula wokwanira. Wochuluka atuluka m'mbali ndi kudya maonekedwe a chidutswa. Lachiwiri: chala chokhudza guluu chisakhudze thupi la galimoto, pakuti chidindo cha chalacho chidzalowa m'pulasitiki ndi kukhala momwemo. Lachitatu: guluuyu sagwira pa utoto kapena pa zonyezimira zija, chotero tiyenera kupala malo olumikizirawo kufikira pulasitiki itaoneka. Lachinayi: fungo lake ndi loipa m'mapapo ndipo agwira moto msanga. Mazenera akhale otsekula, ndipo kandulo kapena nyali ya parafini zikhale kutali.

Zidutswa zikalumikizidwa ndizigwira ndi chopanira zovala kapena kamphira, ndi kuzisiya. Chimene chalumikizidwa mokhota chikhala chokhota mpaka kalekale.

INJINI NDI ZAPANSI

Malangizo ayambira pa injini, ndipo pano ndi pamene ndinaphunzira zambiri za galimoto yeniyeni. Pamwamba pa injini pali zivundikiro ziwiri zazitali zonyezimira. Pansi pa chirichonse, m'galimoto yeniyeni, pali mtanda wozungulira umene utsekula ndi kutseka mavalavu: wina wa mbali yolowera mpweya ndi petulo, wina wa mbali yotulukira utsi. Kumanja kwa injini kuli makabuleta atatu osakaniza petulo ndi mpweya, ndipo kumanzere kuchokera mapaipi a utsi. Munthu akamata zimenezi ndi dzanja lake saiwalanso njira imene petulo aloweramo ndi imene utsi utulukira.

Injiniyo ikhala m'chimango cha mapaipi chimene chimangiriridwa kutsogolo kwa thupi. Boneti yonse, pamodzi ndi nyali ndi zophimba matayala, ndi chinthu chimodzi chimene chitsekukira kutsogolo, kotero kuti makaniko aona injini yonse poyera.

Kumbuyo kuli chinthu china chanzeru. Tayala lirilonse lakumbuyo likwera ndi kutsika palokha, losakoka linzake. Ndiponso mabuleki akumbuyo sali m'matayala monga tizolowera, koma pakati pa galimoto, m'mbali mwa difu. Anachita dala kuti matayala apepuke, pakuti tayala lopepuka litsata msewu msanga likagunda bampu. Zidutswa za malo amenewa ndi zazing'ono ndithu, ndipo galimoto ikaima pa matayala ake palibe wozionanso. Wina akhoza kufunsa kuti, nanga kuvutikiranji? Yankho langa ndi lakuti matayala onse anayi adzagunda pansi pokhapokha ngati zobisikazi ziri zowongoka. Tisamange chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Guluu asanaume ndiimika kagalimoto pa galasi lathyathyathya ndi kuona ngati tayala lina lalendewera.

M'kati muli mipando iwiri, giya, ndi chiwongolero cha nthiti zitatu chimene mkombero wake unali wamtengo. Mabokosi ena apatsa womanga ufulu wosankha mbali ya chiwongolero. Ine ndinaika kumanja, monga ziri ku England ndi kuno kwathu, kumene magalimoto ayenda kumanzere kwa msewu. Za m'katizi zipakidwa utoto zisanatsekeredwe.

UTOTO

Pano ndi pamene nambala 24 iluma koposa. Utoto wa pa galimoto yeniyeni ndi wopyapyala ngati pepala limene mukuwerengali. Tsono ndikapaka wokhuthala theka la milimita pa kagalimoto, ndiye kuti ndamata galimoto yeniyeni ndi utoto wa mamilimita 12, wokhuthala ngati chala. Mizere ya zitseko ikwiririka, timipata ta mpweya ta pa boneti titsekeka, ndipo thupi limene Sayer analikonza mosamala lioneka ngati chigumu.

Njira yake ndi iyi. Utoto ndiutakasa bwinobwino ndi kuusungunula kufikira utayenda ngati mkaka. Utoto uli wa mitundu iwiri: wamafuta, umene usungunulidwa ndi thinazi ndipo uchedwa kuuma, ndi wamadzi, umene uuma msanga. Ndiyamba ndi utoto wapansi wotuwa, umene uthandiza wapamwamba kugwira ndiponso uulula zipsera zobisika. Kenaka ndipaka mopyapyala, burashi ikuyenda njira imodzi, kuchokera ku mphuno kunka kumbuyo. Kupaka koyamba kuoneka koipa, kwa mawangamawanga, ndipo mtima ufuna kubwerezapo nthawi yomweyo. Musatero, pakuti burashi idzakokolola utoto wosauma. Ndidikira tsiku lathunthu ngati utoto ndi wamafuta, ndipakenso kachiwiri, ndidikirenso, ndipake kachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wamkulu ndi fumbi, makamaka m'miyezi ya chilimwe. Kafumbi kamodzi kakagwera pa utoto wauwisi kaoneka ngati mwala pa boneti. Ndiwaza madzi pansi ndisanayambe, ndipo ndikatha kupaka ndivundikira thupi ndi beseni loyera.

Ine ndinasankha utoto wobiriwira modera. Kale pa mipikisano ya pakati pa maiko dziko lirilonse linali ndi mtundu wake: Britain wobiriwira, Italy wofiira, France wabuluu. Chotero wobiriwira uyenera galimoto ya ku Coventry.

Matayala ali ndi bvuto lawolawo. Tayala la E-Type linali ndi masipoko 72, iriyonse yowonda kuposa pensulo. Tikagawa ndi 24 tipeza kanthu konga ulusi wosokera, kamene chikombole sichingaumbe, chotero masipoko a pulasitiki anenepa kuposa muyeso. Mankhwala ake ndiwo kuthira utoto wakuda wosungunuka kwambiri pakati pa masipoko ndi kupukuta pamwamba. Mthunziwo unyenga diso, ndipo masipoko aoneka owonda.

MAGALASI NDI ZOMALIZIRA

Magalasi ndiwo otsiriza, ndipo ali ndi lamulo lawo: guluu wosungunula uja asayandikire. Iyeyu achititsa galasi khungu loyera limene silichoka. M'malo mwake ndigwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, amene auma moonekera ndipo akhoza kupukutidwa ndi madzi asanaume. Momwemonso ndi timagalasi tophimba nyali, timene E-Type zoyamba zinali nato. Magalasi ndiwagwira m'mphepete mokha.

Tizithunzi tomata, monga nambala ya galimoto ndi mawotchi a pa dashibodi, tidulidwa kamodzikamodzi. Ndiviika kamodzi m'madzi ofunda kwa masekondi 20 kapena 30, ndikaika pafupi ndi malo ake, ndi kukatsetsereka ndi burashi yonyowa kuchoka pa pepala. Kenaka ndikanikiza ndi kansalu kofewa kuti madzi ndi mpweya zituluke. Tizithunziti tigwira bwino pa utoto wonyezimira. Pa utoto wokhakhala mpweya utsalira pansi ndipo m'mphepete muoneka mbuu.

Mabampala, magalasi oonera kumbuyo ndi zogwirira zitseko zibwera pamapeto penipeni, chifukwa ndizo zithyoka msanga.

CHIMENE NTCHITOYI IPHUNZITSA

Ntchito yonse inanditengera masabata asanu, ndipo nthawi yambiri inali ya kudikira. Wothamanga akhoza kulumikiza zidutswa zonse madzulo amodzi, koma adzapeza chidole chamatope, ndipo bokosi lachiwiri palibe. Kuthamanga sikufika.

Ndaona kuti masamu amene tiwalemba pa bolodi ali ndi ntchito m'manja. Womanga nyumba awerenga pulani ya sikelo, woyesa malo ajambula mapu a sikelo, ndipo injiniya ayamba wayesa kanthu kakang'ono asanawononge chitsulo pa chinthu chachikulu. Onsewa adziwa kuti cholakwa chaching'ono pa pepala chikula pamodzi ndi nyumba. Ndipo phunziroli silifuna bokosi lochokera kutali ai. Amene ali ndi waya, makatoni ndi rula akhoza kuyesa galimoto iriyonse yoima pabwalo la sukulu, nagawa miyeso yake ndi 24, namanga yake molondola.

Kuti tione ngati tamvana, nawa mafunso atatu:

1. Pa kagalimoto ka E-Type ka sikelo ya 1:32, pali mainchi angati pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo?

2. Woyendetsa wamtali mainchi 72 akhala wamtali bwanji pa sikelo ya 1:24?

3. Timagalimoto tiwiri tapangidwa ndi zinthu zofanana, kena ka 1:12, kena ka 1:24. Kodi koyambako kalemera kangati kuposa kachiwiri?

Funso lachitatu liri ndi msampha. Kumbukirani utali, m'lifupi ndi msinkhu. Amene apeza mayankho abwere nawo, ndipo abwerenso ndi rula, kuti adzayese okha kagalimoto kanga ndi kuona ngati mainchi 4 aja ndi oona.

Wophunzira wa Fomu 3